Mbozi zoti alendo adzaone

Nkhani iyi ya mbozi za silika inakambidwa pa msonkhano wa alimi, aphunzitsi ndi makolo m'mudzi wina wa m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Yalembedwa monga mmene inakambidwira.

Zikomo a mfumu, zikomo a nyakwawa ndi nduna zanu potilola kukhala pabwalo pano. Aphunzitsi athu, amayi ndi abambo, ndi achinyamata mwakhala kumbuyo uko, moni nonse. Senderani kuno, chifukwa zimene ndabwera nazo sizioneka patali.

Lichero ili liyende, liyambire kwa a mfumu. Yang'anani mpaka mukhutire, koma musagwire. Agogo amene mwafwenkha fodya m'mawa uno, ndi abambo amene mwachokera ku chigafa, wina akugwirireni lichero, inu muzingosuzumira. Chifukwa chake ndinena kutsogoloku.

Zoyera mukuzionazo ndi mbozi za silika. Ana athu m'mabuku a kusukulu amaziwerenga kuti bicho-da-seda, akatswiri amati Bombyx mori. Masamba zikudyawo mwawazindikira kale, ndi a mabulosi, mtengo womwe uja ana amatsikamo milomo ili bii mu Okutobala. Tobulungira tachikasu ndi toyera tili pambalito ndi zikwa zake, ndipo ulusi wa nsalu yodula ya silika umachoka mmenemo.

Ndinene poyera tisanapite patali. Sindinabwere kudzakuuzani kuti muchepetse chimanga, nyemba kapena kachewere n'kudzaza munda ndi mabulosi kuti mulemere ndi zikwa. Mutanyamula thumba la zikwa lero kupita nalo kumsika ku Ulónguè, mubwerera nalo. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya ulusi pamafunika zikwa pafupifupi 5,000, ndipo amene amagulitsa ulusi wambiri padziko lonse ndi a ku China ndi a ku India, omwe ali ndi mafakitale ndi misika yokhazikika kalekale. Ife sitingapikisane nawo pamenepo. Chimene ndabweretsa ndi china: kanyumba kakang'ono, kaukhondo, kokhala ndi mbozi mazana ochepa, koti ana a sukulu ndi anthu apaulendo azibwera kudzaona ndi maso awo mmene dzira limasandukira nsalu. Phindu loyamba ndi la ana athu. Kandalama kadzabwera pambuyo, ndipo kadzachokera kwa woona, osati kwa wogula zikwa.

Kuti mumvetse chimene mlendo angalipirire, muyambe mwadziwa moyo wa kachiromboka, chifukwa wolandira alendo ndi amene adzafotokoze zimenezi.

Gulugufe wamkazi mmodzi amaikira mazira 300 mpaka 500, ang'onoang'ono kukula kwake njere ya mpiru. Pamalo ofunda bwino, pakapita masiku 10 kapena 12, timbozi timaswa, takuda, taubweya, totalika mamilimita 3 okha. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yake ndi imodzi basi, kudya. Kamadya usana ndi usiku mpaka khungu kuchepa. Pamenepo mbozi imasiya kudya, imamangirira timiyendo take ku tsamba ndi ulusi pang'ono, n'kuimika mutu m'mwamba, n'kungoti zii pafupifupi tsiku lathunthu. Oweta amati yagona. Si kugona kwenikweni, ikukonzekera kufundula. Ikakonzeka imang'amba khungu lakale cha kumutu n'kutulukamo mokwawa, khungulo n'kutsala pa tsamba. Mukaisuntha ili mtulo timeneti mwadula ulusi umene inadzimangirira, ndiye imalephera kuvula, imafa itamangika m'khungu lake lomwe. Zimafundula kanayi. Pakutha pa masiku 25 mpaka 30, kanthu kaja kafika masentimita 7 kapena 8, ndipo kulemera kwake kwawonjezeka pafupifupi ka 10,000. Aphunzitsi a masamu, muuze mwana awerengere kuti khanda lobadwa ndi makilogalamu 3 litakula choncho mwezi umodzi lingalemere bwanji.

Chakudya chochuluka zimadya sabata yomaliza, zikafundula kachinayi. Pa masamba onse amene mbozi idzadye moyo wake wonse, magawo opitirira 8 pa 10 imadya m'masiku amenewa. Mukalowa m'nyumba nthawi imeneyo mutangoziikira masamba, aliyense atakhala chete, mumamva phokoso la kutafuna ngati mvula yowaza pa denga la udzu. Ana sakhulupirira mpaka atamva okha.

Kenako tsiku lina imakana chakudya. Thupi limachepa pang'ono, limayamba kuonekera mkati mukaliunika ku dzuwa, mutu n'kumagwedeza uku ndi uku kufunafuna pogwira. Yapsa imeneyo. Mumaitenga n'kuiika pa timitengo touma, pa udzu womangidwa bwino, kapena m'timabowo ta thireyi ya mazira. M'thupi mwake muli timatumba tiwiri tatitali todzaza madzi onanda. Madziwo amatulukira pa kabowo kamene kali kunsi kwa kamwa, ndipo akamakokedwa amauma n'kukhala ulusi, wokutidwa ndi ulimbo wake womwe umamata chikwa. Mbozi imayamba yaponya tizingwe togwirira uku ndi uku, kenako n'kuyamba kuzungulitsa mutu molemba nambala 8, osapuma, masiku awiri kapena atatu. Tsiku loyamba mumaionabe mkatimo ikugwira ntchito kuseri kwa kansalu kopyapyala. Tsiku lachiwiri mungoona chithunzithunzi. Lachitatu yatsekeka. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana amene wakhala mphindi khumi akuyang'ana mbozi ikuluka waphunzira kudekhako popanda womukalipira.

Chikwa chonsecho ndi ulusi umodzi wosaduka, wotalika mamita 300 mpaka 900, ndipo mitundu yosankhidwa bwino imapitirira 1,000. Mkatimo mbozi imafundulanso n'kukhala kanthu kofiirira kopanda miyendo. Pakapita masabata awiri kapena kucheperako, gulugufe woyera amanyowetsa nsonga ya chikwa ndi madzi a m'kamwa mwake, n'kutuluka. Sadya, samwa, sauluka. Amakwerana, wamkazi n'kuikira, ndipo pasanathe masiku 10 onse afa.

(Bambo wina afunsa ngati mbozizi sizidzathawira m'minda n'kuyamba kudya chimanga, monga zija zinavuta kuyambira 2017.)

Funso limenelo ndi loyenera, bambo, ndipo ndikudziwa kuti ambiri munali nalo mumtima. Tonse tinaona mmene ntchemberezandonda zinabowolera mitima ya chimanga chathu, ndipo mpaka lero sizinatisiye. Munthu wobwera ndi mbozi m'lichero ayenera kuyankha bwinobwino. Izi sizidya chimanga, sizidya nyemba, sizidya kabichi. Mukaziika pa tsamba la chimanga zimafa ndi njala zili pomwepo. Gulugufe wake mapiko ali nawo koma sangadzuke pansi, chifukwa anthu akhala akuziweta zaka pafupifupi 5,000 mpaka zinataya nzeru zonse za kutchire. Onani m'licheromo, mulibe chotchinga, koma palibe yomwe yatuluka. Mutazitaya kuseri kwa nyumba, nkhuku ndi nyerere zithana nazo dzuwa lisanalowe. Sizingakhale popanda munthu.

Kuweta kumeneku kunayambira ku China, ndipo kwa zaka zambirimbiri a kumeneko anabisa chinsinsi chake, amalonda n'kumayenda miyezi pa ngamila kukagula nsaluyo osadziwa mmene imapangidwira. Cha m'ma 550, pa nthawi ya mfumu Justinian ya ku Constantinople, amonke awiri anabweretsa mazira mobisa, ndipo nkhani imati anawaika m'ndodo zamphako. Kuno ku Africa nakonso silika si wachilendo. Anansi athu a ku Madagascar, tsidya la nyanja, amatola zikwa za mbozi za kutchire zimene zimadya masamba a mtengo wa tapia, n'kuwomba nsalu zokulungira maliro a makolo awo. Ku Kenya bungwe lofufuza za tizilombo la icipe, ku Nairobi, lakhala likuphunzitsa alimi za silika. Amene munakhalako ku Joni kapena ku Zimbabwe mwina munaona ana a sukulu akusunga mbozi zomwezi m'makatoni a nsapato, akuyendayenda m'makomo kupempha masamba a mabulosi.

Za alendo, si maloto anga. Ku Japan kuli fakitale yakale ya silika ya Tomioka, imene boma lawo linatsegula mu 1872. Inasiya kupanga ulusi mu 1987, koma mu 2014 UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo lero anthu amapita kukangoona. Pafupi ndi ife, ku South Africa, cha ku Graskop m'chigawo cha Mpumalanga, kuli famu yotchedwa Africa Silks kumene apaulendo amaima, kuonetsedwa mbozi, zikwa ndi owomba nsalu, kenako n'kugula kanthu.

Nanga kuno angabwere ndani? Tisayambe kuganiza za azungu a makamera. Mlendo woyamba ndi kalasi ya sukulu ya m'mudzi muno, wachiwiri ndi sukulu yoyandikana nayo. Ana amaloweza pamtima kuti dzira, mbozi, chikwa, gulugufe, amalemba mayeso n'kukhoza, koma ambiri sanaonepo zinayizi pamalo amodzi. Pali sukulu za ku mishoni ku Lifidzi ndi ku Fonte Boa, pali masekondale a ku Ulónguè ndi ku Dómuè, pali ophunzira zaulimi a yunivesite ya UniZambeze pa Ulónguè pomwepa. Kenako pali msewu. Galimoto zochokera ku Tete kupita ku chipata cha Calómuè zimadutsa m'boma lathu lino tsiku ndi tsiku. Ogwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize ali ndi ana, ndipo kukatentha kumusiko amalakalaka kamphepo ka kuno. Tsidya la malire, ku Dedza, anthu amabwera kale kudzaona zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene UNESCO inazilemba mu 2006. Anthu akuyenda, chimene chikusowa ndi chifukwa choti aime.

Ndipo kamphepo ndanenaka ndi mwayi wathu weniweni. Mbozi za mabulosi zimakondwa kukatentha madigiri 23 mpaka 28. Zikapitirira 30 zimafooka, matenda n'kulowa. Mumzinda wa Tete, kumene Okutobala ndi Novembala amapitirira 40, sizingakhale popanda makina oziziritsa nyumba. Ife tili pamtunda, mamita opitirira 1,200, ndipo miyezi yambiri nyumba ya njerwa ya denga la udzu imakwana yokha. Vuto lathu ndi chisanu cha Juni ndi Julaye. Kukazizira mbozi zimadya mwaulesi, zimachedwa kukula, komanso mabulosi a kumtunda amayoyola masamba. Ine ndingakonde kuti miyezi iwiriyo tizitseka, titsuke nyumba, tipumule, kusiyana n'kulimbana ndi mbaula usiku wonse.

Tsopano fodya. Pano khalani tcheru, chifukwa nkhani yonseyi ingafere pamenepa.

Ife ndife anthu a fodya. Angónia, Tsangano, Macanga, ambiri sukulu ya ana timalipira ndi fodya, ndipo sindinabwere kudzanyoza mbewu imene ikutidyetsa. Koma nikotini wa mu fodya ndi poizoni kwa mbozi za silika, ndipo safuna wambiri. Munthu wochokera kothyola kapena kosoka fodya, manja ali nyatanyata, akagwira masamba a mabulosi, mawa mupeza mbozi zikusanza madzi obiriwira, zikupindika, zikugwedeza mitu, zina zafa kale. Wosuta ndudu pakhomo la nyumbayo, chimodzimodzi. Ngakhale mtengo wa mabulosi umene wamera moyandikana ndi munda wa fodya kapena chigafa, masamba ake amatenga poizoniyo. Chovuta n'chakuti miyezi imene mabulosi ali ndi masamba abwino, Febuluwale mpaka Epulo, sukulu zitangotsegulira, ndi miyezi yomweyo imene manja a mudzi wonse ali mu fodya. Choncho malo a mabulosi asankhidwe kutali ndi minda ya fodya, kumbali imene mphepo siichokera ku zigafa. Osamalira mbozi akhale anthu amene nyengo imeneyo sagwira fodya, kapena asambe ndi sopo mpaka m'zigongono ndi kusintha malaya asanalowe. Izi si zokambirana.

Si fodya yekha. Mankhwala opopera kachewere, tomato ndi chimanga akauluzikira pa mabulosi, mbozi zatha. Mankhwala othira m'chimanga chosunga asayandikire. Kofukiza udzudzu kasayatsidwe mmenemo, ndipo opopera nyumba za malungo akabwera, alandireni bwino m'nyumba zathu zogona, koma muwauze kuti iyi yokha aidumphe. Sipuleya imene inagwirapo mankhwala isagwiritsidwe ntchito kuthirira mabulosi, ngakhale mwaitsuka.

Mwaona tsono kuti mlendo amene tikumufunayo ndi yemwenso angatiphere mbozi. Wabwera ndi ndudu m'thumba, wadzola mafuta onunkhira, wagwira izi ndi izi m'basi. Ndiye nyumbayo imangidwe moganizira zimenezi. Zipinda ziwiri. Cham'kati ndi cha mbozi zoweta, amalowamo osamalira okha. Chakunja, kapena khonde lotchingidwa bwino, ndi cha alendo, ndipo tsiku lililonse mumatulutsirako malichero ochepa oonetsa. Mbozi imene ana aigwira isabwererenso m'kati. Pakhomo pakhale ndowa ya madzi ndi sopo, aliyense asambe m'manja, kaya ndi mwana wa kalasi yoyamba kaya ndi bwana wochokera ku boma. Kalasi ya ana 60 isalowe nthawi imodzi. Khumi alowe, ena akhale kumunda wa mabulosi, ena kopota ulusi, kenako asinthane.

M'kati simufuna zodula. Thandala la nsungwi la magawo atatu kapena anayi, malichero, mapepala oyala pansi pake. Miyendo ya thandala iime m'zitini za madzi kuti nyerere ndi linthumbwi zisakwere, ndipo thandala lisagunde khoma. Mazenera akhale ndi sefa, mpweya uzidutsa koma ntchentche, mavu ndi mbalame zisalowe. Makoswe ndi abuluzi amazikonda kwambiri, tsekani mabowo onse. Dzuwa lisaziombe. Muzidyetsa katatu kapena kanayi pa tsiku. Ting'onoting'ono tipatseni masamba anthete a kunsonga, oduladula, zikuluzikulu zipatseni okhwima athunthu. Masamba thyolani m'mawa kapena madzulo, muwasunge pa mthunzi mutafunditsa chiguduli chonyowa, koma tsamba lenilenilo lisakhale lonyowa ndi mvula kapena mame popatsa, chifukwa chinyontho ndicho chimabweretsa matenda. Zitosi ndi zotsalira muzichotsa pafupipafupi, mukathire ku dimba, ndi manyowa abwino. Zikangomaliza kufundula, kuwaza laimu pang'ono kumaumitsa pogona pake. Mbozi imene yafewa, yatupa, kapena yauma n'kuyera mbuu, ichotseni msanga mukaikwirire kutali.

Kuchuluka kwake musachite mantha. Oweta zamalonda amagula mazira 20,000 pa bokosi limodzi, ndipo amafuna masamba opitirira theka la tani. Ife za bokosi sitikuzifuna. Mbozi imodzi imadya magalamu 25 kapena 30 moyo wake wonse, ndiye mbozi 500 ndi masamba pafupifupi makilogalamu 15. Mitengo ya m'makomo mwathu muno ingayambe kutidyetsera pamene yobzala ikukula.

(Mphunzitsi afunsa kumene mazira angachokere, ndiponso ngati kalasi imene yabwera mwezi wina idzapeza choona.)

Aphunzitsi mwagunda pa fupa. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akabwera n'kupeza malichero opanda kanthu, sabweranso, ndipo akauza anzake. Moyo wonse wa mbozi, dzira mpaka dzira, ndi masabata 6 mpaka 8, koma mlendo ali ndi ola limodzi. Njira yake ndi kusiyanitsa magulu. Gulu lina liswe lero, lina pakapita masiku 10, lina pambuyo pake, kuti tsiku lililonse pakhale tating'ono, zazikulu, zoluka ndi agulugufe.

Apa mtundu wa mazira ndi wofunika. Pali mitundu imene mazira ake akaikiridwa amada n'kugona miyezi yambiri, osaswa mpaka atamva chisanu kenako kufunda. Ndi ija ya ana a ku Joni, imaswa kamodzi pa chaka mabulosi akamaphuka. Mazira oterewa mungawasunge m'firiji, osati mouma madzi oundana, miyezi itatu kapena kupitirira, kenako n'kumatulutsa pang'onopang'ono malinga ndi masiku a alendo. Palinso mitundu ya kumaiko otentha imene sigona, imaswa mibadwo ingapo pa chaka. Imeneyo safuna firiji koma ifuna masamba chaka chonse, ndiye mabulosi ena akhale ku dimba.

Kopeza mazira, tisachite za amonke aja zobisa m'ndodo. Tizilombo tamoyo sitidutsa nato pa chipata mwachinsinsi. Tipite ku ofesi ya zaulimi ya boma lathu, ku SDAE, tikafotokoze, atitsogolere pa za chilolezo ndi kopeza mbewu yopimidwa. Chifukwa chake n'chakuti pali nthenda yotchedwa pebrine imene imachoka kwa mayi kulowa m'dzira. Inatsala pang'ono kuthetseratu ulimi wa silika ku France, mpaka mu 1865 boma la kumeneko linatuma wasayansi Louis Pasteur kukafufuza m'tauni ya Alès. Njira imene anapeza ikugwirabe ntchito mpaka lero. Gulugufe aliyense aikire payekha, akatha mumupere, muyang'ane madzi ake pa maikulosikopu, ndipo mukaona tizilomboto mazira ake onse atenthedwe. Ntchito imeneyi tingakapemphe ophunzira zaulimi aja kuti azitithandiza, iwonso aphunzirepo.

Palinso mbozi ina ya silika yotchedwa eri, yochokera ku Assam ku India, imene alimi a ku Ethiopia akuweta. Imeneyo imadya masamba a nsatsi, zomwe zimangomera zokha m'mabwinja mwathu, ndipo imapirira kutentha ndi matenda kuposa ya mabulosi. Abale athu a kumusi, ku Moatize kapena ku Chiúta, imeneyo ndi imene angafunse ku ofesi.

Chimene ana amakonda kwambiri ndi kusomphola ulusi. Mumawiritsa madzi mu mphika, n'kuponyamo zikwa zingapo kuti ulimbo uja ufewe. Mumatenga kamsache kakang'ono n'kumakanda zikwazo mopepuka mpaka tiulusi takodwa. Mumakoka, poyamba pamabwera zopiringizika, kenako pamatsala kaulusi kamodzi pa chikwa chilichonse, kopyapyala koti muyenera kupendeka mutu kuti mukaone kakunyezimira. Mumaphatikiza ta zikwa 6 kapena 8 kukhala ulusi umodzi, n'kukulunga pa chopukusa, zikwa zija zili kuvinavina m'madzi. Akalipentala athu apange chopukusa choti kuzungulira kamodzi kukhale mita imodzi ndendende. Mwana mmodzi azipukusa, anzake aziwerenga mokweza. Akafika 500 kaulusi kasanaduke, simudzafunikanso kuwauza kuti akhale chete.

Pamenepo mwana wina adzafunsa kuti nanga kanthu kali m'katiko. Muuzeni zoona. Kuti ulusi utuluke wosaduka, kachiromboko kamaphedwa kasanaboole chikwa, poanika zikwa pa dzuwa lamphamvu kapena pa nthunzi, patapita sabata chiyambire kuluka. Ife amene timadya ngumbi ndi mphalabungu tilibe chifukwa chobisira mwana zimenezi. Ku Korea, ku China ndi ku Thailand anthu amadya timeneti, ndipo kwa nkhuku ndi nsomba za m'damu ndi chakudya chonona. Koma muonetseninso njira inayo. Zikwa zimene agulugufe atulukamo sizitayidwa, zimaphikidwa mpaka kufewa, n'kupotedwa pamanja monga agogo athu ankapotera thonje. Za eri zonse zimapotedwa chotero, chifukwa chikwa chake chimakhala chotseguka kale mbali imodzi. Alendo ena, makamaka ochokera kutali, amafunsa kwambiri za zimenezi, ndipo ndi bwino wowalandira akhale ndi yankho loona.

(Mayi wina afunsa ngati anthu sadzayamba kunena kuti osunga mbozi m'nyumba akukhwima.)

Mayi, zikomo ponena zimene ena akanakanena kumbali. Zoterezi zimapasula magulu, ndipo sindizitenga mopepuka. Munthu akamasunga zinthu zachilendo kuchipinda, chitseko chili chotseka, akudzuka usiku kukazidyetsa, kenako n'kugula njinga, mudzi ulankhula. Ndiye chifukwa chake ndabwera nazo pabwalo masana, pamaso pa a mfumu. Nyumbayo isakhale kuseri kwa khomo la munthu mmodzi. Ikhale pafupi ndi sukulu kapena m'mbali mwa msewu, ikhale ya gulu, osamalira azisinthana, amayi ndi abambo omwe. Tsiku lotsegulira ayambe kulowa ndi a mfumu, a mipingo yonse ndi akuluakulu a mudzi. Mwana aliyense wa m'mudzi muno akhale ataionapo mbozi ikuluka. Chinthu chimene ana onse akuchidziwa sichikhala chizimba.

Ndalama nazonso zikhale poyera chimodzimodzi. Mtengo wolowera mugwirizane nokha, ulembedwe pa bolodi pakhomo m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, kuti wolandira alendo asamayang'ane nsapato za munthu asanatchule mtengo. Maganizo anga ndi akuti ana a sukulu yathu asalipire, a sukulu zina alipire pang'ono pa kalasi, apaulendo alipire mokwanira. Metikali iliyonse ilembedwe m'kaundula, wolandira akhale wina, wosunga akhale wina, ndipo ziwerengedwe pamsonkhano. Musayembekeze zambiri chaka choyamba. Zikakwanira sopo, sefa, mapepala ndi kangachepe ka osamalira, mwayamba bwino.

Mlendo amakondanso kunyamula kanthu. Zikwa zoboola zimanyikidwa mu utoto n'kupanga maluwa ndi ndolo. Mbozi yakupsa mukaiika pa kakatoni kosalala kodulidwa mwa mtima kapena mwa nyenyezi, kopanda ngodya yogwira, imayala ulusi wake pamwamba ponse n'kutuluka kansalu ka maonekedwe omwewo. Nyengo ya zipatso pali jamu wa mabulosi. Pali mbande za mtengowo. Ndipo mlendo amene waima amafunsanso kachewere, mapichesi, nkhuku, ndiye ndi amayi a pamsewu omwe apindula.

Achinyamata, wolandira alendo achokere mwa inu. Tikufuna awiri kapena atatu olankhula bwino Chichewa ndi Chipwitikizi, wina wodziwako Chingerezi chifukwa cha odutsa pa Calómuè. Akhale anthu amene adyetsapo mbozi ndi manja awo kuyambira kuswa mpaka kuluka, osati oloweza mawu. Mafoni muli nawowo ajambule mbozi ikuluka, muike pa Facebook ndi pa WhatsApp, aphunzitsi a sukulu zina aone.

Koma zonsezi zimayamba ndi mtengo, ndipo mazira tisawafunse mabulosi asanagwire. Kubzala kwake n'kosavuta. Dulani nthambi yokhwima ya chaka chino, yonenepa ngati pensulo, muidule zidutswa za masentimita 20 zokhala ndi maso atatu kapena anayi. Zikani mopendeka m'nthaka yothira manyowa, diso limodzi litsale kunja, motalikirana masentimita 90. Mukabzala mvula itakhazikika mu Disembala, pakapita miyezi 6 mpaka 8 mitengo yakula, ndipo chisanu chikatha mwayamba kuthyola. Musaulekerere kuti utalike, muziudulira m'chiuno kuti uchite nthambi zambiri ndi masamba ofikirika. Mbuzi zimaukonda koopsa, mpanda ukhale woyamba. Ndipo ngakhale nkhani ya mbozi itachedwa, masamba omwewo ndi chakudya chabwino cha mbuzi ndi akalulu, mtengo sunapite pachabe.

Amene muli ndi mtengo wa mabulosi pakhomo kapena ku dimba, kwezani manja, aphunzitsi alembe maina. Potchula dzina munenenso ngati pafupi pake pali fodya kapena chigafa, kuti tidziwe mitengo yotengako masamba ndi yongotengako nthambi zobzala. A mfumu, nkhani ya malo omangapo ndi obzalapo ndaitula kwa inu ndi nduna zanu. Zikomo.